MAWU A ABUSA: Anthu Akabalalika pa Siwa, Ofedwa Atsala ndi Yani?



Pali ntchito imodzi imene ife anthu a kuno sitisowa wotiphunzitsa, ndiyo kuika maliro. Mfuu ikangomveka m'mudzi, uthenga umapita kwa mfumu, makasu amatsala m'minda, ndipo dzuwa lisanapendeke aliyense amakhala atadziwa mbali yake. Adzukulu amalawirira kumanda. Amayi amatunga madzi, kutola nkhuni ndi kukhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi namfedwa. Abambo amachezera pamoto, a kwaya amaimba kufikira mbandakucha, akulu a mpingo amakonza mwambo wa mapemphero. Makolo athu anati maliro n'kulirana, ndipo mwambi umenewu tikuusungabe bwino ndithu.

Koma akasesa ndi kumeta, anthu amatsanzika. Abale a ku Tete amakwera chapa, a ku Malawi amawoloka malire pa Dedza kapena pa Biriwiri, miphika yobwereka imabwerera kwa eni ake. Usiku umenewo m'nyumba muja mumatsala mayi ndi ana ake, zovala za malemu zili pachingwe, pakhomo pali zii. Kwa iwowo maliro amakhala akungoyamba kumene, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ife a mpingo timasowa. Mwezi uno ndafuna kuti tilingalire pamodzi za masiku amenewo.

Misozi si kuchepa kwa chikhulupiriro

Tiyambe ndi mawu athu. Ambiri a ife tikalowa m'nyumba ya siwa timaona ngati kukhala chete n'kulakwa, tsono timafulumira kunena kanthu. "Musalire, limbani mtima." "Chinali chifuniro cha Mulungu." Kwa mayi amene wataya mwana timati, "Mukadali wamng'ono, mudzabereka wina." Timanena ndi mtima wabwino, koma wofedwa amamva zina. Amamva kuti misozi yake yatitopetsa, ndi kuti mwana wake anali ngati mbale yosweka imene munthu amakagula ina pamsika.

Malembo satiletsa kulira. Abrahamu analira Sara. Aisraeli analira Mose masiku 30 m'zidikha za Moabu. Anthu opembedza amene anaika Stefano anamulira kwambiri, ndipo Luka sawadzudzula (Machitidwe 8:2). Koposa onsewa, Ambuye wathu anagwetsa misozi ku Betaniya, ngakhale ankadziwa kuti posachedwa aitana Lazaro kuti atuluke m'manda. Paulo polembera Atesalonika sanawalamule kuti aleke chisoni. Anawapempha kuti chisoni chawo chisafanane ndi cha anthu opanda chiyembekezo. Munthu angathe kukhulupirira kuuka kwa akufa ndi mtima wonse, nakhalabe akulira.

Kumbukirani abwenzi a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari. Anachokera kutali, nakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osatsegula pakamwa. M'masiku amenewo anali atonthozi abwino. Zinthu zinaipa pamene anayamba kumufotokozera chifukwa chake akuvutika, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anawakwiyira popeza sananene zoona za Iye (Yobu 42:7). Chomwecho mukafika pa siwa, perekani moni, nenani kuti pepani, khalani pansi. Wofedwa akafuna kufotokoza m'mene matenda anayendera, mvetserani, ngakhale akubwereza kachisanu. Akafunsa kuti Mulungu anali kuti, musamukalipire. Marita ndi Mariya onse awiri anadandaulira Yesu kuti anachedwa kufika, ndipo Iye sanawadzudzule.

Tisaiwale abambo ndi ana. Mwamuna timamuuza kuti mwamuna salira, ndipo chisoni chimene wachimeza chimakatulukira ku kachasu kapena m'ukali wa pakhomo. Ana timawanamiza kuti amayi apita ku ulendo, ndipo mwana amakhala miyezi akuyang'ana kunjira. Ena amaganiza mumtima kuti imfayo inadza chifukwa cha kusamvera kwawo. Mwana auzidwe zoona m'mawu ofatsa olingana ndi msinkhu wake: kuti amayi amwalira, sadzabweranso m'moyo uno, iye sanalakwe kanthu, ndipo pali wakutiwakuti amene azimusamala.

Funso lakuti "wamudya ndani?"

Chisoni chimafuna wina womuloza chala. Maliro asanatuluke m'nyumba, manong'onong'o amakhala atayamba kale, ndipo ena amasonkha ndalama zopita nazo kwa woombeza. Kawirikawiri chala chimagwera anthu opanda owateteza: agogo aakazi okhala okha, kapena mkazi wamasiye yemweyo amene wakhala miyezi akusambitsa ndi kudyetsa wodwalayo. Motero munthu wofunika kumutonthoza amasanduka woimbidwa mlandu.

Tonse a m'chigawo chino tikukumbukira zimene zinachitika ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, mu Januwale 2015. Anthu 75 anamwalira ndipo ena ambiri anagonekedwa m'chipatala atamwa mowa wa chimanga pa tsiku la maliro. Mphekesera inafala dziko lonse kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Patapita miyezi, akatswiri atayeza bwino, anapeza kuti poizoniyo anachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tinaswana mu ufa umene unaonongeka utanyowa ndi madzi. Munalibe ndulu ya ng'ona m'mowamo. Anthu ambirimbiri anakhulupirira nkhani imene inali yosaona, ndipo ankaikamba motsimikiza.

Ambuye Yesu atakumbutsa anthu za aja 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anakana kuti iwo anali ochimwa koposa anzawo (Luka 13:4-5). Anthu athu amafa ndi malungo, chifuwa chachikulu, Edzi, kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, mavuto a pobereka ndi ngozi za njinga zamoto. Banja likafuna kudziwa chimene chatenga m'bale wawo, akafunse a chipatala amene anamuona. Ndikupempha akulu a mpingo kuti manong'onong'o otere akangoyamba, alankhule ndi mwini mbumba ndi mfumu tsiku lomwelo. Mkhristu asaponye ndalama yake m'mbale yopita kwa woombeza, ndipo asakhale chete pamene nkhalamba ikuthamangitsidwa m'mudzi.

Nkhokwe ya namfedwa

Pali chinthu china chimene sitikonda kuchitchula. Khamu limene limadza kudzapepesa limadyanso, ndipo nthawi zambiri limadya za wofedwayo. Nkhokwe imapasulidwa, mbuzi imaphedwa, ufa umatha. Maliro akachitika mu Januwale kapena Febuluwale, pamene chimanga chakale chatha ndipo chatsopano sichinache, banja limalowa m'ngongole kuti lidyetse alendo. Ena amagulitsa feteleza amene malemu anasungira munda. Ena amakongola ndalama za katapila kuti agule bokosi lokongola, poopa kuti anthu angawaseke. Patatha sabata imodzi, ana amasiye amagona ndi njala m'nyumba imene munadya anthu mazanamazana.

M'buku la 2 Mafumu chaputala 4 muli mkazi wamasiye wa mmodzi wa ana a aneneri. Mwamuna wake anali woopa Mulungu, koma anasiya ngongole, ndipo mwini ngongoleyo ankabwera kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Elisa anamufunsa chimene anali nacho m'nyumba, namuthandiza kufikira ngongole inabwezedwa ndipo panatsala zakuti iye ndi ana ake akhalire moyo. Mneneriyo anaona kuti chisoni cha mayi uja chinali ndi mbali ya ndalama, ndipo anayambira pomwepo.

Ife tingachite chimodzimodzi. Banja lililonse lopita ku maliro linyamule mbale ya ufa, nyemba kapena mtolo wa nkhuni, monga ankachitira makolo athu. Ife a m'mudzi momwemo tikadye kwathu, chakudya chikhale cha alendo ochokera kutali ndi adzukulu. Chipepeso chilembedwe ndi atumiki awiri, chiwerengedwe poyera, ndipo chotsala chiperekedwe m'manja mwa mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamaso pa mboni. Ndalama zimene abale a ku Maputo kapena ku Joni amatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola zilowenso m'buku lomwelo. Bokosi la matabwa wamba silichotsa ulemu wa womwalira.

Chuma cha masiye ndi lamulo la dziko

Tsono tifike pa bala lalikulu. Si kamodzi kapena kawiri pamene taona abale a mwamuna, ena a iwo oimba nawo kwaya, akunyamula njinga, malata, ng'ombe ndi ngolo, mkazi akadali m'nsalu yakuda. Mkazi wa chitengwa amauzidwa kuti abwerere kwawo chimanjamanja. Mwamuna wa chikamwini nayenso nthawi zina amapirikitsidwa, kusiya nyumba imene anaumba njerwa zake yekha ndi ana amene anawalera. Pa Eksodo 22:22-24 Mulungu achenjeza kuti Iye mwini adzamva kulira kwa wamasiye wozunzidwa. Wolanda chuma cha masiye ndi wakuba, ngakhale atatchula mwambo.

Tiyenera kudziwanso kuti lamulo la dziko lathu lili ku mbali ya ofedwa. M'chaka cha 2019 Mozambique inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, Lei das Sucessões, nambala 23/2019. Lamulo lakale linkaika mkazi kapena mwamuna wotsala pa malo achinayi, pambuyo pa ana, makolo ndi abale a womwalirayo. Latsopanoli linamukweza kuti akhale pa mzere woyamba pamodzi ndi ana, ndipo limazindikiranso amene anakhala pabanja osalembetsa, ngati banjalo likukwaniritsa zimene lamulo la mabanja limafuna. M'maukwati ambiri, theka la katundu amene awiriwo anapeza ali limodzi ndi la wotsalayo kale, ndipo sililowa pa zogawana. Lamulo la malo la 1997 linanenanso kuti ufulu wogwiritsa ntchito munda umapita kwa olowa m'malo mosasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Zimenezi si zachilendo kwa owerenga Baibulo. Ana aakazi 5 a Zelofehadi anakadandaula kwa Mose za cholowa cha atate wawo, ndipo Mulungu anati akunena zoona (Numeri 27).

Koma lamulo limayenda ndi mapepala, ndipo munthu wosweka mtima alibe mphamvu zoyenda m'maofesi. Apa ndi pamene mpingo ungagwire ntchito. Imfa iyenera kulembetsedwa ku Registo Civil kuti banja lilandire kalata ya imfa, certidão de óbito. Popanda kalatayi n'kovuta kutenga ndalama za malemu ku banki kapena kupempha thandizo lililonse. Ngati malemu ankagwira ntchito yolembedwa ndipo ankadulidwa ndalama za INSS, banja lingathe kupempha thandizo la maliro, thandizo la imfa ndi penshoni ya otsala. Pakabuka mkangano wa katundu umene mfumu yalephera kuuthetsa, ofesi ya IPAJ imathandiza osauka pa milandu popanda malipiro. Mpingo uliwonse ukhale ndi munthu mmodzi kapena awiri odziwa Chipwitikizi bwino amene angaperekeze wamasiye ku maofesi amenewa.

Ndipo inu amene muli ndi moyo, konzani nyumba zanu lero. Ukwati wodalitsidwa m'tchalitchi ulembetsedwenso ku boma. Ana akhale ndi makalata a kubadwa. Uzani abale anu mukadali olimba kuti katundu wanu ndi wa mkazi wanu ndi ana anu, ndipo lembani. Kukonzeka sikuitana imfa. Ambuye wathu ali pamtanda anaona amayi ake, nawapereka m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda, ndipo wophunzirayo anawatengera kwawo.

Ndinenenso mosabisa za mwambo wa kulowa kufa, umene anzathu a kuchigwa cha Zambezi amati pita kufa, ndi za chokolo chokakamiza. Mkazi wofedwa sanadetsedwe, ndipo sasowa mwamuna womuyeretsa. Miyambo imeneyi yafalitsa kachilombo ka HIV ndi kuwonjezera manda. Paulo aphunzitsa kuti mkazi mwamuna wake akamwalira ndi womasuka, ndipo akafuna kukwatiwanso asankhe yekha mwa Ambuye (1 Akorinto 7:39). Kusudzula n'kwabwino kukachitika mwaulemu, mabanja awiri atakhala pansi, ndi pemphero. Kusakhale chida chomangira munthu zaka zambiri kufikira atalipira.

Maliro amene sitiwaona

Pakati pathu pali ofedwa amene sanagonedwepo pa siwa. Nkhondo ya zaka 16 isanathe ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri a zigawo zino anathawira ku Dedza, ku Ntcheu ndi madera ena a ku Malawi. Ena anasiya makolo ndi ana m'manda a kumeneko, ena anataya abale m'tchire osadziwa pamene anagwera. Namondwe Ana mu Januwale 2022, amene anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revubwe, ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola anthu, ndipo si onse amene matupi awo anapezeka. Ena anamwalira ku Joni kapena ku Zimbabwe, banja nkulephera ndalama zobweretsera thupi. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, boma linachepetsa chiwerengero cha opita ku maliro, ndipo ambiri anaika okondedwa awo mwachangu popanda khamu. Manda a Mose sanadziwike kwa munthu aliyense, komabe Aisraeli anamulira mokwanira. Banja lotere likapempha, mpingo uchite nalo mapemphero a chikumbutso, dzina la malemu litchulidwe, anthu apepese monga mwa masiku onse.

Palinso mayi amene wapita padera kapena amene mwana wake wafa pobadwa. Mwambo umati amayi okha akataye mwakachetechete ndipo pasamveke kulira. Koma mayiyo anamunyamula mwanayo, ndipo mwina anali atamukonzera kale dzina. Amayi a Chigwirizano amuyendere, ndipo abambo asaiwale mwamuna wake. Chimodzimodzi banja la munthu amene wadzipha. Anthu amaliyang'ana ndi diso la kumbali, pamene ilo lasenza chisoni, manyazi ndi mafunso opanda mayankho. Chiweruzo cha womwalirayo tichisiye kwa Mulungu wodziwa mitima. Otsalawo ndi athu, ndipo afunika kuyenderedwa koposa ena onse.

Tikonze dongosolo

Mpingo woyamba ku Yerusalemu unali ndi chikondi chachikulu, komabe amasiye olankhula Chigriki ankaiwalika pa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanakane dandaulolo. Anauza mpingo kuti usankhe amuna 7 a mbiri yabwino, nawapatsa ntchitoyo (Machitidwe 6). Chikondi chopanda dongosolo chimaiwala anthu. Chifukwa chake ndikuika mfundo izi pamaso pa mabwalo a akulu a mpingo.

Choyamba, mpingo uliwonse ukhale ndi buku la ofedwa, lolembedwa dzina la banja, tsiku la maliro ndi mayina a ana otsala.

Chachiwiri, banja lililonse lofedwa lipatsidwe anthu awiri oliyendera kwa chaka chathunthu: sabata iliyonse mwezi woyamba, kenaka kamodzi pa mwezi. Kwa mkazi wamasiye kupite amayi, kapena mkulu wa mpingo pamodzi ndi mkazi wake, kuti pasakhale mpata wa miseche. Masiku owawa koposa ndi Khirisimasi, nthawi yokolola ndi tsiku lokwanira chaka chimwalirire malemu.

Chachitatu, oyendera apite ndi manja ogwira ntchito. Mvula yoyamba ikagwa, achinyamata akathandize kubzala ndi kupalira munda wa wamasiye. Denga likadontha, abambo akafolere. Ana akaleka sukulu, tifunse chifukwa chake sabata yomweyo. Boazi anauza anyamata ake kuti azisiyira dala Rute ngala za barele, ndipo thandizolo linafika popanda kumuchititsa manyazi.

Chachinayi, tikhale maso. Chisoni chilibe tsiku lothera, ndipo munthu wolira patatha chaka sanadwale. Koma wofedwa akakhala masabata ambiri osadya, osagona, osasamba, akayamba kumwa mowa mosalekeza, kapena akanena kuti afuna kutsatira malemu, tisamusiye yekha. Tichotse m'nyumba mankhwala a m'munda, a m'nkhokwe ndi a makoswe, timufunse mosabisa zimene akuganiza, ndipo timuperekeze ku chipatala. Kupemphera naye ndi kupita naye kwa a zaumoyo sizitsutsana.

Chachisanu, wofedwa asachotsedwe pa ntchito za mpingo ngati kuti wasanduka mlendo. Akakonzeka, abwerere ku kwaya, ku Chigwirizano, ku kalasi yake ya Sande sukulu. Amene anadutsa m'chigwa chimenechi ndiwo amadzakhala atonthozi abwino a ena, monga Paulo afotokozera kumayambiriro kwa kalata yachiwiri ya kwa Akorinto.

Abale, Yakobo poyesa chipembedzo chathu anatchula kuyendera ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo (Yakobo 1:27). Kuyendera kumafuna mapazi, ndipo kumachitika pamene khamu lapita. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aliyense wa ife akudziwa khomo limodzi limene munatuluka maliro chaka chino, limene sanapondekonso chiikire. Lamulungu likubwerali, tikatuluka m'tchalitchi, tisanapite kwathu, tidzere pa khomo limenelo. Ndipo alembi a mipingo aike nkhani ya buku la ofedwa pa mndandanda wa zokambirana za bwalo la mwezi uno.

Mulungu wa chitonthozo chonse akhale ndi inu amene mukulira, ndipo atipatse ife tonse mtima wokhala nanu kufikira mutalimba.

Wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa